Za Namondwe wa ku Florida m'Buku la Zora Neale Hurston

Madzulo a pa 16 Seputembala 1928 namondwe wamkulu adafika pa gombe la Florida, m'dziko la America, pafupi ndi mzinda wa West Palm Beach. Masiku atatu m'mbuyomo adali atasakaza chisumbu cha Puerto Rico, ndipo asanafike kumeneko adali atapha anthu ambiri pa Guadeloupe. Koma m'Florida imfa yaikulu idachitikira kumtunda, m'mbali mwa nyanja ya madzi opanda mchere yotchedwa Okeechobee. Nyanjayi ndi yotakata koma yosaya, ndipo kumwera kwake kuli dothi lakuda la chonde chodabwitsa, kumene anthu ambirimbiri adali kugwira ganyu m'minda ya nyemba ndi ndiwo zina. Chimene chidali kulekanitsa nyanja ndi minda chidali khoma la dothi, msinkhu wake wosasiyana kwenikweni ndi wa munthu. Mphepo idakankha madzi a nyanja niwaunjika kumwera, khoma lidagumuka, ndipo usiku umodzi womwewo midzi ya Belle Glade, South Bay, Chosen ndi Pahokee idamira. Kwa zaka zambiri chiwerengero cha akufa chidalembedwa kuti 1,836. M'chaka cha 2003 a zanyengo a boma la America adachikonza, nanena kuti akufawo sadachepere 2,500. Monga atatu mwa anayi alionse adali anthu akuda aganyu, ena ochokera ku zisumbu za Bahamas, ndipo ambiri a iwo adaikidwa osadziwika maina.

Patapita zaka 9, mu 1937, padatuluka buku la nkhani yopeka lotchedwa Their Eyes Were Watching God, dzina lonena za anthu amene maso awo adali pa Mulungu. Mlembi wake, Zora Neale Hurston, adabadwa mu 1891 nakulira ku Eatonville, mudzi wa anthu akuda okhaokha m'Florida momwemo, wodzilamulira wokha ndi atsogoleri ake. Adaphunzira za miyambo ya anthu ku Barnard College kwa Franz Boas, ndipo adabwerera kwawo kukatola nthano, nyimbo ndi maulaliki a anthu ake, zimene zina adazisindikiza m'buku la Mules and Men mu 1935. Buku la 1937 adalilembera ku Haiti m'masabata 7 okha. Iye mwini sadali ku Okeechobee usiku wa chigumula, koma ukali wa mphepo yotere adaulawa yekha ku Bahamas mu 1929.

Nkhani ya bukuli ndi ya mkazi dzina lake Janie, amene adakwatiwa katatu, ndipo ali kusimbira mnzake Pheoby za moyo wake wonse, awiriwo atakhala kuseri kwa nyumba madzulo. Namondwe adza chakumapeto, m'mutu 18 ndi 19, pamene Janie ali ndi mwamuna wake wachitatu, Tea Cake, munthu wam'ng'ono kwa iye, woimba gitala ndi wokonda juga, amene adapita naye ku dothi lakuda lija kukathyola nyemba. Mitu iwiri imeneyi ndiyo ipendedwe pano. Ikhudza wophunzira za zinenero za makolo pa chifukwa ichi, chakuti Hurston adalemba bukuli ndi malilime awiri: pofotokoza yekha alemba Chingerezi cha m'sukulu, koma anthu ake akatsegula pakamwa alankhula monga momwe akuda a kumwera kwa America adali kulankhulira pamudzi, mlembi osawakonzera. Buku lonse liimira pa kukoma kwa kalankhulidwe kameneka. Nchifukwa chake nkofunika kuona chimene mlembi wotere achita pofika pa mantha aakulu, pakuti pamenepo awalanda anthu ake mawu.

Kuti ichi chimveke, wowerenga ayenera kukumbukira kuti anthu a m'bukuli chuma chawo chili pakamwa. Ku Eatonville amuna adali kukhala pa khonde la sitolo ya Joe Starks, mwamuna wachiwiri wa Janie, kupikisana pa nthano zokokomeza za nyulu yokalamba ya munthu wina, kufunsira mbeta mwa nthabwala, ndi kutsutsana pa zinthu zopanda mutu kufikira mdima. Nyuluyo itafa adaichitira maliro achipongwe ndi ulaliki womwe. Joe, amene adali mkulu wa mudzi, adaletsa mkazi wake kuponya nawo mawu pamenepo, poti mkazi wa munthu wolemekezeka sayenera kucheza ndi anthu wamba. Ndipo Janie adakhala zaka 20 ngati womangidwa lilime. Ku dothi lakuda, pakhomo pa Tea Cake, ndiko adamasuka: adavala ovololo, nathyola nyemba, naphunzira kusimba nthano zakezake. Chomwecho wowerenga afika pa mutu 18 makutu ake atazolowera phokoso la anthu osatha mawu pa kanthu kalikonse.

Chenjezo lidadza, ndipo silidadze kamodzi. Poyamba Janie adaona Aseminole, eni dziko akale a madambo amenewo, ali kudutsa m'magulu, amuna patsogolo, akazi pambuyo atasenza katundu, kulunjika kumtunda; atawafunsa adayankha mwachidule kuti udzu wa m'dambo wachita maluwa, namondwe ali pafupi. Pambuyo pake zidadutsa nyama, akalulu ndi njoka ndi zina zazikulupo, zonse kuloza kum'mawa. Potsiriza adadza Lias, mnzake wa Tea Cake wa ku Bahamas, pa galimoto ya mbale wake, kudzanena kuti muli malo a anthu awiri. Tea Cake adakana. Ndalama za nyemba zidali kutuluka bwino. Azungu eni minda sadasunthe, ndipo iwo ndiwo adziwa za kunja. Aseminole akadakhala anzeru, bwenzi dziko likadali lawo. Tea Cake si chitsiru ayi. Ndi munthu amene moyo wake wonse adaphunzitsidwa kuti nzeru zikhala m'nyumba zazikulu, kotero kuti ngakhale adali ndi maso oona nyama zili kuthawa, adakhulupirira maso a bwana koposa ake. Okhala m'tinyumba ta aganyu adayesa kuti ngati a m'nyumba zazikulu sadera nkhawa, iwonso asadere. Mlembi sawadzudzula; angowasonyeza, ndipo kusonyezako kupweteka koposa chidzudzulo. Lias potsazika adanena kuti imfa ikawalekanitsa malo okakumanako ndi Africa, kutsata chikhulupiriro chakale cha akapolo chakuti mzimu wa wakufa ubwerera kwawo kutsidya kwa nyanja.

Pano pali chilema choyenera kutchulidwa. Mlembi amene adasamala chotere polemba kalankhulidwe ka anthu ake, Aseminole awapatsa mawu odukaduka onga a mwana wophunzira kulankhula, ndipo palibe ngakhale mmodzi wa iwo apatsidwa dzina. Adutsa m'nkhani monga mbalame ya malodza, ntchito yawo itatha saonekanso. Iwo ndiwo adayamba kuona zoona, komabe alembedwa monga momwe alembi ena Achizungu adali kulembera akuda.

Otsala adasonkhana kwa Tea Cake. Chithandizo choyamba chimene anthu apatsana m'mutuwu ndi kucheza. Janie adaphika nyemba zambiri, ndipo iwo adayamba kusimba za Big John de Conquer, ngwazi ya m'nthano za akapolo, imene kuchenjera kwake kudapambana mabwana pansi pano, kudapambana ndi Satana yemwe kwawo kumoto. Padali gitala, kuvina ndi juga. Hurston adadziwa bwino ntchito ya nthano zimenezi, pakuti mu 1943 adalemba nkhani yapadera yofotokoza kuti ngwaziyi ndiyo idasunga mitima ya akapolo ndi kuseka. Koma m'mutu uno nthano ipezeka kuti ili ndi polekezera. Mitambo itada, anthu adayamba kuchoka kupita ku nyumba zawo, natsala atatu: Janie, Tea Cake ndi mnzawo Motor Boat, amuna awiriwo akali kutchova juga. Bingu litagwedeza denga amunawo adaleka okha, ndipo Janie adayamika, nati Mulungu ali pa ntchito yake, munthu ayenera kukhala chete. Dzina limene iye ndi Motor Boat amtchula nalo Mulungu pamenepo ndi lomwe akapolo adali kutchula nalo mwini wawo. Liwu limodzi lokhalo lisenza mbiri ya mtundu wonse. Agogo ake a Janie, amene adamlera, adabadwira mu ukapolo. Ndipo mphamvu imene munthu sangaifunse chifukwa, mdzukulu wawo aidziwa ndi dzina limenelo. Womasulira bukuli m'Chichewa akadzangolemba kuti Ambuye, adzakhala atalondola pang'ono, pakuti liwulo litchula mbuye wa kapolo ndi Mulungu yemwe; koma makutu a lero aliiwala tanthauzo loyambalo, ndipo kuwawa kwake kudzatayika.

Kuyambira pamenepo mawu achepachepa kufikira atheratu. Atatuwo adaunjikana pamodzi, maso pa chitseko. Mlembi anena kuti nthawi yofunsa Azungu idali itapita. Wofunsidwa tsopano adali Mulungu, ndipo kufunsako kudali kwa maso. Mphepo itabwerera ndi ukali woposa, nyali idazima kotsiriza, ndipo iwo adakhala mumdima monga adakhalira ena onse m'tinyumba tina, osaonana, osamvana, koma onse kupenya kumodzi. Apa ndipo pachokera dzina la buku.

Nkoyenera kuima pano kanthawi, pakuti mlembi wina akadachita zosiyana kotheratu. Hurston adali mwana wa mlaliki wa mpingo wa Baptist, adakulira m'mapemphero, ndipo m'buku lake loyamba la nkhani yopeka, Jonah's Gourd Vine la mu 1934, adaikamo ulaliki wathunthu wotenga masamba angapo. Kukadakhala kwapafupi kwa iye kumgwaditsa Janie ndi kumpatsa pemphero lokoma, lotchula Nowa ndi chingalawa, kapena Yesu wodzudzula namondwe pa nyanja ya Galileya. Owerenga akadagwetsa misozi natembenuza tsamba mtima uli pansi. Iye sadatero. M'nyumbamo mulibe wogwada, mulibe wotsogolera nyimbo, mulibe wolapa machimo a juga. Pemphero lawo lilibe ndi pempho lomwe. Ndi funso chabe la chimene Wamphamvuyo afuna nawo anthu ochepa mphamvu chotere. Ndipo yankho silidza. Wowerenga wachipembedzo angayese kuti uku ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, koma wodziwa buku la Yobu akumbukira kuti Yobu naye, munthu wa mawu ambiri, atamva liwu lochokera m'kamvuluvulu adagwira pakamwa. Chimene chipatsa mphamvu chete ameneyu ndi mitu 17 ya phokoso imene yamtsogolera. Anthu osalankhula kale akakhala duu, palibe chodabwitsa. Koma akakhala duu awa, amene adalalikira pa maliro a nyulu, wowerenga adziwa yekha kukula kwa chimene chili kuseri kwa chitseko, osauzidwa.

Mkati mwa chete ameneyu muli kukambirana kumodzi kokha, kwa mwamuna ndi mkazi wake, pamene mphepo idapumako. Tea Cake adafunsa Janie ngati sali kulakalaka akadakhala m'nyumba yake yaikulu ku Eatonville, osamtsata kuno. Janie adakana, nanena kuti zaka zonse adali kufufuza mumdima, ndipo pomdzetsera Tea Cake Mulungu adamtsegulira khomo. Wowerenga wosamala aona kuti makomo ali awiri pa tsamba limodzi: limene Mulungu adatsegula kuti chikondi chilowe, ndi limene atatuwo ali kulipenya ndi mantha kuti lingatseguke. Mlembi saloza chala pa ichi. Achisiya pomwepo kuti wochipeza achipeze.

Anthu atakhala chete, mlembi alankhula m'malo mwawo, ndipo Chingerezi chake cha m'sukulu chija chisinthika, chiyamba kuyenda monga ulaliki wa kumudzi. Nyanja isanduka chilombo chogona chimene mphepo yachidzutsa; chigubuduzika pogona pake, ching'ung'udza, kenaka chituluka nichiyenda pa dziko chili kukankha khoma, nyumba ndi anthu pamodzi. Kaonedwe kameneka adakatenga kwa anthu omwewo, amene chinthu chilichonse chachikulu achipatsa miyendo ndi mtima. Wowerenga wa ku Malawi sadzaona chachilendo apa, pakuti chigumula cha ku Zomba cha mu 1946 ndi cha ku Phalombe cha mu 1991 anthu adati ndi Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chosamuka kunka kunyanja. Malilime awiri aja, amene m'mitu ina ayandikana apo ndi apo, pa chimake cha tsoka asanduka limodzi: galamala ndi ya m'sukulu, koma maso ndi a waganyu.

Apa pali kanthu kothandiza mphunzitsi wa chimangirizo. Ana ambiri a m'masukulu a kumwera kwa Malawi adaona namondwe Freddy mu Malichi 2023, pamene matope adatsika m'phiri la Soche nakwirira nyumba ku Chilobwe. Ena adagona masabata m'zipinda zomwe amaphunziriramo. Mwana wotere akauzidwa kulemba za tsikulo, kawirikawiri alemba kuti adachita mantha kwambiri, kuti anthu adapemphera kwambiri, kuti Mulungu adawapulumutsa. Mawuwa ndi oona, koma ndi obwereka, adawamva pa wayilesi ndi pa maliro. Chimene adaona yekha, monga amayi ake kukulunga mabuku a kuchipatala m'jumbo madzi ali m'mawondo, sachilemba, poyesa kuti nchachabe. Tea Cake, madzi atalowa m'nyumba, adadula nsalu yosalowa madzi ya patebulo kuti akulungiremo ndalama ndi mapepala a inshuwalansi, Janie atamgwirira mbali ina. Ndipo kanthu kameneko kauza wowerenga za mantha a munthu wosauka koposa liwu lakuti kwambiri litabwerezedwa kakhumi. Mphunzitsi asaumirize mwana kulemba za tsoka limene mtima wake sunakonzeke kulitchula; koma amene afuna kulemba, afunsidwe chimene manja a anthu adali kuchita.

Kuthawa kwenikweni kwalembedwa mofulumira, monga kuyenera. Tea Cake adanyamula gitala yake, koma posachedwa adaitaya kuti manja ake agwire mkazi wake, ndipo Janie adaona kuti kudamuwawa. Ndi gitalayo kudapita kotsala konse kwa chisangalalo cha dzulo. Adasambira atamkoka Janie. Adapuma m'nyumba ina yaitali. Nyanja itawalondola kumeneko adathawanso, koma Motor Boat adakana, nati watopa, agona. Chithandizo chimene chioneka m'masamba amenewa ndi chenicheni koma chaching'ono: dzanja limodzi kugwira lina, kufuula kochenjeza mnansi, kutsazikana mwaulemu ndi mnzako amene wasankha njira ina. Palibe mtsogoleri, palibe bungwe, palibe bwato lodza kudzapulumutsa. Ndipo pali zithunzi ziwiri zimene mlembi aika moyandikana mwadala. Pa chulu china padali munthu wakufa atazingidwa ndi nyama zakuthengo ndi njoka, zonse phee, popanda yogwira inzake, tsoka litaziyanjanitsa. Pa mlatho wa Six Mile Bend, malo okwera kumene othawa adayembekeza kupuma, Azungu adali atafika kale nadzaza, kotero kuti Janie ndi Tea Cake adangodutsa. Nyama zidaiwala udani wawo, koma malire a khungu madzi sadawakokolole.

Za galu nzosakhutiritsa. Mphepo idamponya Janie m'madzi. Padadza ng'ombe ili kusambira itabereka galu wolusa pamsana. Janie adagwira mchira wa ng'ombe. Galu adafuna kumluma. Tea Cake adamupha ndi mpeni, koma galuyo atamluma kale patsaya. Kuti zonsezi zikumane pamalo amodzi, ndi kuti galuyo akhalenso wachiwewe, dzanja la mlembi lioneka kwambiri. M'mutu umene chilichonse chachokera mu mphepo ndi madzi, ichi chokha chachokera m'kusowa kwa mlembi njira yophera Tea Cake. Komabe chimene chituluka m'menemo nchoona ndi cholimba. Tea Cake, amene adachita zonse zimene mwamuna angachite, ndiye adafa patapita masabata owerengeka, ndipo imfa idalowera pa ntchito yake yopambana zonse. Motor Boat, amene adangogona m'chipinda chapamwamba, nyanja idanyamula nyumba yonse niiika kwina, iye osadzuka, osakandika nkomwe. Hurston akana kugawa chipulumutso molingana ndi khama kapena kulungama, ndipo pa ichi ali woona mtima koposa alembi ambiri a nkhani za matsoka.

Mawu abwerera m'mutu 19, koma abwerera owawa. Ku Palm Beach Azungu awiri onyamula mfuti adamgwira Tea Cake pamsewu namuumiriza kuika maliro. Mitembo idali itakhala masiku m'madzi, yosazindikirika. Lamulo lidadza lakuti Azungu aikidwe m'mabokosi, akuda aponyedwe m'dzenje ndi kuwazidwa laimu, ndipo posadziwika khungu okumbawo apenye tsitsi. Tea Cake adanong'oneza mnzake kuti alondawo achita ngati Mulungu sadziwa lamulo la tsankho la Jim Crow, ngati kuti angasokoneze akufawo akafika kwa Iye osasankhulidwa. Mulungu amene dzana adapenyedwa mwa mantha, lero aitanidwa mwa nthabwala kukhala mboni ya zochita za anthu. Izi mlembi sadapeke. Ku West Palm Beach anthu akuda 674 adakwiriridwa m'dzenje limodzi, pamene Azungu 69 adaikidwa ku manda a Woodlawn. Ena monga 1,600 adakwiriridwa pamodzi ku Port Mayaca. Dzenje la anthu 674 lija lidakhala lopanda chizindikiro zaka zoposa 60, ndipo mu 2002 ndi pamene lidalembedwa m'kaundula wa malo a mbiri ya dzikolo. Bukuli litangotuluka, mlembi wina wakuda wotchuka, Richard Wright, adalinyoza m'magazini ya New Masses, kunena kuti lilibe mutu kapena uthenga, ndi kuti lingosangalatsa Azungu ndi kalankhulidwe ka akuda. Nkovuta kumvetsa momwe munthu wowerenga za mlatho ndi za dzenje akadanenera chotero. Wright adamva kuseka kwa pa khonde nayesa kuti buku lonse ndi kuseka; sadaone kuti kusekako kudaunjikidwa kuti kudzathe usiku wa namondwe. Kwa zaka zonse zimene dzenjelo lidali m'thengo, masamba owerengeka amenewa ndiwo adali kukumbutsa owerenga za oikidwamo. Hurston mwini adafa wosauka mu 1960, ndipo manda ake ku Fort Pierce adakhala opanda mwala kufikira Alice Walker adaikapo mu 1973.

Pali dandaulo limene likadamveka koposa la Wright. Usiku umene udapha anthu 2,500, pafupifupi onse amene wowerenga awadziwa ndi maina apezeka amoyo Tea Cake atabwerera ku minda. Akufa a m'bukuli ndi mitembo yoyandama ndi yokwiriridwa, yopanda mayi woilira kapena mwana woifunafuna. Mtima wa wowerenga usungidwa wonse kuti udzalire Tea Cake yekha. Wina angayankhe kuti kusowa maina kumeneku ndiko chithunzi cha dzenje lija. Koma mlembi amene adapatsa nyulu maliro akadatha kupatsa mmodzi wa omirawo dzina ndi womlira, ndipo mutuwo ukadalemera.

Za kuthandizana kwa anthu, mawu otsiriza a mlembi ali m'bwalo la milandu. Chiwewe chitamgwira Tea Cake, mankhwala asanafike, adatenga mfuti kufuna kupha mkazi wake, ndipo Janie adamuwombera podziteteza. Pa mlandu wake oweruza adali Azungu 12, amene adammasula m'kanthawi kochepa. Omtsutsa adali anzake omwe, aja adadya nyemba zake madzulo a namondwe. Adaima chakumbuyo kwa bwalo atamkwiyira, ndipo mmodzi wa iwo, Sop-de-Bottom, adafuna kupereka umboni womnenera, koma adakhalitsidwa chete mwachipongwe, poti wakuda salankhula m'bwalomo asanaitanidwe. Mlembi sakometsa mbali iliyonse: bwalo limene lidachita chilungamo kwa Janie ndi lomwe lidatseka pakamwa anthu ake, ndipo anthu amene adatsekedwa pakamwa adali kufuna kunena bodza. Chidani chawo chidachokera m'kumkonda Tea Cake. Adasowa womkwiyira, pakuti namondwe alibe khutu. Janie adazindikira ichi. Pa maliro adawaitana onse, naika gitala yatsopano m'manja mwa wakufayo, iye mwini atavala ovololo yomwe ija. Iwo adadza ndi manyazi, ndipo pofuna kudzitsuka adapeza munthu wina womsenzetsa mlandu, mlongo wa mayi wina wa pamalopo, namthamangitsa. Atatero adampempha Janie kuti akhale nawo. Adakhala masabata owerengeka kuti asawakhumudwitse, nanyamuka kubwerera ku Eatonville, kumene a pa khonde adamlandira ndi miseche, ndipo Pheoby yekha adadza kwa iye ndi mbale ya mpunga kudzamva mmene zidayendera.